Mmene mungapezere timitengo toimbira ng'oma tokuyenerani

Woimba ng'oma za bandi amatha miyezi akufunafuna snare (ng'oma yaing'ono ya mawaya kunsi kwake) yolira bwino, akusintha zikopa, akumanga ndi kumasula mabawuti, koma timitengo n'kumangotola tilitonse tomwe wapeza pafupi. Zimenezi zimandidandaulitsa, chifukwa pa zida zonse zimene zamuzungulira, kamtengo ndiko kamakhala m'dzanja kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Cymbal (mbale yachitsulo yomenya) simuigwira, chikopa simuchigwira; chimene zala zanu zimamva ndi kamtengo basi. Kakakhala kosayenera dzanja lanu, mkono umalema msanga, matuza amatuluka, ndipo mumayamba kulimbana ndi ng'oma m'malo moiimba.

Oimba ng'oma sagwirizana pa nkhani imeneyi. Wina amafuna kamtengo kopepuka kothamangitsa ndi zala, wina amafuna kolemera koti akangokagwetsa ng'oma iyankhe. Onsewo akulondola, poti manja awo ndi osiyana, nyimbo zawonso n'zosiyana. Choncho pano ndikupatsani njira yofufuzira: muyambire pa kamtengo kamodzi kodziwika bwino, kenako muzisintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi mpaka dzanja litakhazikika. Ambiri amasochera chifukwa amasintha zonse kamodzin'kamodzi, kunenepa, kutalika, mtundu wa mtengo ndi kamutu komwe, ndiye kamtengo katsopanoko kakawakomera kapena kuwaipira sadziwa chimene chachititsa.

1. Yambani mwadziwa chimene mwagwiracho

Tengani kamtengo kalikonse mukayang'ane kuchokera kutsogolo. Pali kamutu, kamene kamagunda chikopa ndi cymbal. Kuseri kwa kamutu kuli khosi, pamene kamtengo kawonda kwambiri. Kuchoka pakhosi kamanka kanenepa pang'onopang'ono mpaka paphewa, pamene kunenepako kwathera. Kuyambira apo ndi thunthu, lofanana kukula kwake mpaka kutsinde, chakumene dzanja limagwira.

Pathunthu pamalembedwa nambala ndi chilembo: 7A, 5A, 5B, 2B. Kalembedwe kameneka kanachokera ku America kalekale. Chilembo chinkanena kumene kamtengo kakagwire ntchito: B inali ya mabandi a malipenga, S inali ya oimba poguba mumsewu, pamene A inali ya timitengo topepukirapo toimbira m'magulu a orchestra ndi m'maholo ovinira. Nambala imanena za kunenepa, koma chobwerera m'mbuyo: nambala ikachepa, kamtengo kamanenepa. Ndiye 7A ndi kowonda, 5A ndi kapakatikati, 2B ndi konenepa, ndipo 5B ndi konenepa kuposa 5A ngakhale nambala ili imodzimodzi.

Kuti muone kuchepa kwa kusiyanako, taonani miyeso ya timitengo ta mtengo wa hickory ta kampani ya Vic Firth totchedwa American Classic. 7A ndi mamilimita 13.7 kunenepa, masentimita 39.4 kutalika. 5A ndi mamilimita 14.4, masentimita 40.6. 5B ndi mamilimita 15.1, kutalika kofanana ndi 5A. 2B ndi mamilimita 16, masentimita 41.3. Pakati pa 5A ndi 5B sipafika ngakhale milimita imodzi, koma dzanja limazindikira nthawi yomweyo.

Dziwaninso kuti palibe lamulo lokakamiza makampani kutsata muyeso umodzi. 5A ya Promark yotchedwa Classic ndi yowonderapo, cha m'ma mamilimita 14, pamene 5A ya Vater yotchedwa Los Angeles ili cha m'ma 14.5. Mnzanu akakuuzani kuti amaimbira 5A, mufunseni kuti ya kampani iti.

2. Imani pa 5A ya hickory, ya kamutu ka mtengo

Kamtengo aka kali pakati pa tonse: si kowonda, si konenepa, si kakafupi, si kakatali. Kampani iliyonse imakapanga, ndipo mitundu ina yambiri inapangidwa posuntha pang'ono kuchoka pa iko. N'chifukwa chake kamathandiza ngati poyambira, ngakhale mutadzakasiya pambuyo pake.

Kaimbireni kwa milungu ingapo, osati mphindi zisanu. Kayeseni pa pad (mphira wophunzirirapo kumenya), pa ng'oma zonse muli nokha, komanso pamodzi ndi gulu pamene magitala akulira mokweza, chifukwa kamtengo kamene kamakoma m'chipinda chachete kamatha kusowa mphamvu bandi ikayamba. Mukamaimba, tcherani khutu ku madandaulo a dzanja lanu ndipo muwalembe. Kodi mukukafinya kuti kasathawe? Kodi mukutambasula mkono kuti mufikire ride (cymbal yaikulu yosungira kayendedwe ka nyimbo) kapena floor tom (ng'oma yaikulu yoima pa miyendo yake)? Kodi snare ikumira m'phokoso la anzanu ngakhale mukumenya ndi mphamvu zonse? Kapena oimba pakamwa akukuyang'anani ndi diso lakuti mwawaphimba? Dandaulo lililonse likuloza chinthu chimodzi choti musinthe, ndipo masitepe otsatirawa akutenga zinthuzo chimodzichimodzi.

3. Kunenepa: apa ndi pamene dzanja limaweruza

Musanaweruze kamtengo, pezani kaye pogwirira pake. Kapaneni mopepuka pakati pa chala chachikulu ndi chala cholozera, mukweze kamutu, n'kukasiya kagwere kokha pa pad. Mvetserani mmene kakunjanjira. Sunthani zala pang'ono chakutsogolo, muyesenso. Kenako chakutsinde, muyesenso. Pali malo amodzi pamene kamtengo kamanjanja nthawi yaitali kuposa pena paliponse, ndipo nthawi zambiri amakhala pafupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera kutsinde. Pamenepo ndi pogwirira. Mukagwira kutsinde kwenikweni kamtengo kamagwa n'kufera pachikopa; mukagwira pakati kwambiri kamasowa kulemera kokagwetsa.

Tsopano, mutagwira pamenepo, pindani zala zitatu zotsalazo zikhudze thunthu mosafinya. Yang'anani chikhatho. Ngati nsonga za zala zikukanikiza m'chikhatho ndipo kamtengo kakugwederabe mkati, ndi kowonda kwa inu. Ngati chala chaching'ono ndi chinzake zikulephera kukazungulira bwino, moti simungathe kukakankha ndi zala poimba mothamanga, ndi konenepa.

Pali chinthu chimene ongoyamba kumene ambiri amachimva mobwerera. Amaganiza kuti dzanja likamatopa ndiye kuti kamtengo kalemera, ndiye amathamangira ku 7A. Nthawi zambiri vuto limakhala losiyana ndi limenelo. Kamtengo kowonda kamafuna kufinyidwa kuti kasapulumuke, ndipo kamafuna kumenyedwa mwamphamvu kuti kamveke. Kufinya ndi kumenya mwamphamvu ndi zimene zimabweretsa matuza pachala cholozera ndi kuwawa kwa pamfundo ya dzanja. Munthu yemweyo akapatsidwa 5B, dzanja limamasuka, kulemera kwa kamtengo kumagwira ntchito imene mkono unkavutika nayo, ndipo kutopa kumachepa. Ine ndimalangiza aliyense amene amaimba nyimbo zokweza kuti ayese kamtengo konenepapo asanaganize za kowonda.

Ngati 5A yachepa koma 5B yakula, pali timitengo ta pakati pake. Vic Firth ali ndi 55A, ya mamilimita 14.7, yotalika mofanana ndi tiwiri tija. Kumbali inayo kuli 85A, ya mamilimita 14, kwa amene akufuna kutsika pang'ono osafika pa 7A.

Musamangidwe ndi zonena zakuti jazz ndi ya timitengo towonda ndipo rock ndi ya tonenepa. Zimathandiza ngati poyambira, koma si lamulo. Tony Williams, amene analowa gulu la Miles Davis mu 1963 ali ndi zaka 17, anadzadziwika pambuyo pake ndi timitengo tonenepa ta msinkhu wa 2B, ndipo ankaimba nato zofewa ndi zamkokomo zomwe. Kamtengo konenepa kangathe kuimba motsitsa ngati dzanja laphunzira kukagwetsa kuchokera pafupi ndi chikopa. Kowonda kali ndi malire amene sikangapyole pokweza.

4. Kutalika ndi kawondedwe ka kutsogolo

Mukakhutira ndi kunenepa, kusiyeni momwemo, mutembenukire ku kutalika. Timitengo tambiri tili pakati pa masentimita 38 ndi 43. Kakatali kamafika patali ndipo kamagwa ndi mphamvu yochulukirapo, chifukwa kamutu kamayenda mtunda wautali pa kugwedeza kumodzi kwa dzanja. Kakafupi kamamvera msanga ndipo n'kosavuta kukalamulira poimba motsitsa. Kakatali kamakupatsaninso mwayi wina: mutha kugwira chakutsogolo pa nyimbo yofatsa, n'kubwerera chakutsinde pa nyimbo yofuna mphamvu.

Apanso makampani anakonza zoti musinthe kutalika kokha. X5A ya Vic Firth ndi 5A yomweyo, koma yotalikirapo ndi theka la inchi, kufika masentimita 41.9. 8D ndi yowonda ngati 7A koma yotalika ngati 5A. Mukayerekeza timitengo totere, mumadziwa kuti chimene mukumvacho ndi kutalika, osati china.

Chimene ambiri sachiyang'ana n'komwe ndi mtunda wa pakati pa khosi ndi phewa, pamene kamtengo kamawondera. Ikani timitengo tiwiri tofanana kunenepa moyandikana, timitu tili pamzere umodzi, muone pamene kalikonse kayambira kuwonda. Kamene kamayamba kuwonda patali ndi kamutu kali ndi mtengo wochepa kutsogolo. Koteroko kamanjanja msanga, kamabwerera kokha m'dzanja, kamapepuka pa ride, ndipo kamakomera amene amaimba timawu tating'onoting'ono pa snare pakati pa kumenya kwakukulu. Kuipa kwake n'kwakuti khosi limakhala lofooka, ndiye silichedwa kuthyoka ngati mumamenya mwamphamvu crash (cymbal ya phokoso lalikulu) ndi hi-hat (ma cymbal awiri ovundikirana, otsegulidwa ndi phazi). Kamene kamawonda pafupi ndi kamutu kamalemera kutsogolo, kamagwa kokha, kamatulutsa mawu odzaza pa ma tom (ng'oma zopanda mawaya kunsi), ndipo kamapirira. Koma kamafuna kuti dzanja likanyamule pobwerera.

Ichi n'chifukwa chake timitengo tiwiri tolemera mofanana pasikelo timatha kumveka mosiyana m'dzanja, kena ngati kopepuka, kena ngati kolemera. Dzanja silimva kulemera kokha. Limamvanso kumene kulemerako kwakhala. Promark anafika pogawa timitengo tawo m'magulu awiri pa chifukwa chimenechi, tina amatitcha Rebound, tonjanja msanga, tina Forward, tolemera kutsogolo. Ngati kamtengo kanu kakukwanani m'chikhatho koma kakumveka kaulesi, musathamangire kusintha kunenepa. Yesani ka phewa lotalikirana ndi kamutu.

5. Mtundu wa mtengo

Timitengo tambiri timapangidwa ndi hickory, mtengo wa ku North America umene amapangiranso mipini ya hamala ndi nkhwangwa chifukwa umalimba koma umameza kugwedezeka. Mukamenya mkombero wachitsulo wa snare, mbali yaikulu ya kugundako imathera mumtengomo isanafike m'mafupa a dzanja. Hickory ikamatha imayamba kunyotsoka ndi kutuluka tizipatso ta mtengo, kotero imakuchenjezani isanathyoke.

Maple ndi wopepuka kuposa hickory. Phindu lake lalikulu n'lakuti mutha kukhala ndi kamtengo kodzaza chikhatho koma kosalemera. Chitsanzo ndi SD1 General ya Vic Firth, yonenepa kuposa 2B koma yopepuka m'dzanja, imene ambiri amaphunzirira pa pad ndi kuimbira snare ya orchestra. Kwa munthu wa manja aakulu amene amaimba m'malo ofuna kufatsa, maple amathetsa mavuto awiri nthawi imodzi. Koma sapirira ma rimshot, kuja komenya chikopa ndi mkombero nthawi imodzi. Mukamuzunza amatha msanga.

Oak ndi wolemera ndi wolimba kuposa mitengo iwiri ija. Kampani ya Promark, imene Herb Brochstein anayambitsa ku Houston mu 1957, inatchuka ndi oak woyera wa ku Japan wotchedwa shira kashi. Neil Peart wa gulu la Rush ankaimbira timitengo ta oak ameneyu, ta nambala 747. Oak amakhalitsa, amamveka mowala pa ma cymbal, ndipo amakupatsani kulemera popanda kunenepetsa kamtengo. Koma amabweza kugwedezeka kwambiri m'dzanja. Ngati pamfundo ya dzanja kapena pachigongono pamakuwawani kale, mupewe oak.

Palinso timitengo tosakhala ta mtengo. Ta Ahead ndi ta aluminiyamu tokutidwa ndi chikuto chapulasitiki chimene chimasinthidwa chikatha. Lars Ulrich wa Metallica ndi mmodzi mwa amene amatigwiritsa ntchito. Timakhalitsa ndipo kalikonse kamafanana ndi kanzake. Ine ndimaona kuti cross-stick, kuja kogoneka kamtengo pa snare n'kugogoda mkombero, simveka mokoma popanda mtengo weniweni, ndipo kwa woimba reggae kapena nyimbo zofatsa imeneyo si nkhani yaing'ono.

6. Kamutu: apa khutu ndilo liweruze

Kamutu musakayese pa pad, chifukwa pamphira timitu tonse timamveka chimodzimodzi. Kayeseni pa ride. Menyani pakati pa belu ndi m'mphepete, mofatsa, kugunda kofanana, kenako musinthe kamtengo mumenye pomwepo. Mudzadabwa kuti cymbal imodzi yomweyo ili ndi mawu angapo.

Chimene chimachititsa n'chosavuta: malo amene kamutu kamakhudza chitsulo akachepa, mawu amamveka osongoka ndi olekana bwino, akakula, mawu amadzaza ndi kufalikira. Kamutu kozungulira ngati kampira kamakhudza malo ochepa, ndipo kamalira chimodzimodzi kaya mwapendeketsa kamtengo kaya ayi, zimene zimathandiza amene dzanja lake silinakhazikike. Kamutu kooneka ngati dontho la madzi, kamene kali pa 5A yambiri, kamatulutsa mawu ofunda, ndipo mawuwo amasintha mukasintha kapendekedwe: mukaimika kamtengo kamagunda ndi nsonga, mukakagoneka kamagunda ndi mimba. Kamutu kooneka ngati mgolo kali ndi mbali yophwatalala, kamagunda malo aakulu, ndipo kamamveka mwamphamvu. Steve Gadd amaimbira timitengo takuda ta kamutu kotere, tofupikirapo ndi towonderapo kuposa 5A.

Kenako pali funso la kamutu ka mtengo kapena ka nayiloni. Kamutu ka nayiloni anakayambitsa ndi Joe Calato wa ku Niagara Falls mu 1958, atatopa ndi timitu ta mtengo tomwe tinkaphwanyika thunthu likadali labwinobwino. Kampani yake ndi imene imatchedwa Regal Tip. Nayiloni imalira mowala pa cymbal, imadutsa m'phokoso la magitala, ndipo siinyotsoka. Mtengo umalira mofunda ndi mozama, koma kamutu kake kakabenthuka mawu a ride amafa pomwepo, ndipo m'mphepete mwakuthwamo mumaboola tizibowo pachikopa. Kamutu ka nayiloni nako nthawi zina kamazuka n'kuuluka, makamaka pa timitengo topangidwa mosasamala. Kakazuka, lekani kuimbira kamtengoko nthawi yomweyo, chifukwa nsonga yotsalayo imawononga chikopa m'kanthawi kochepa.

Ngati ma cymbal anu ndi owala kale, nayiloni ingawapangitse kulasa m'makutu. Ngati ndi a mawu akuda omira msanga, nayiloni ingawadzutse. Amene amaimba ng'oma zamagetsi za zikopa zaukonde asamale kwambiri: kamutu ka mtengo kobenthuka kamang'amba ukondewo. Sungani peya yapadera ya ng'oma zamagetsi imene sigunda chitsulo chilichonse.

7. Chopaka pathunthu

Timitengo tambiri timapakidwa vanishi wopyapyala. Kwa ena vanishiyo amagwira bwino dzanja likafunda. Kwa ena amaterera thukuta likayamba. Ngati manja anu amatuluka thukuta kwambiri, yesani timitengo tosapakidwa kanthu, kapena pukutani mbali yogwirira ndi sandipepa wosalala. Ngati manja anu ndi ouma, vanishi amakuthandizani. Palinso toviikidwa mumphira chakutsinde ndi tepi yokulunga, koma kumbukirani kuti zonsezi zimawonjezera kunenepa, ndipo mphira umakhuza khungu la ena mpaka matuza. Kamtengo kakamapulumuka kawirikawiri, bwererani kaye ku sitepe 3 musanagule tepi.

8. Kusankha tiwiri pa mulu

Mwapeza mtundu wanu. Ntchito sinathe, chifukwa mtengo ndi chomera, ndipo timitengo tiwiri tolembedwa nambala imodzi timasiyana kulemera ndi kulimba. Vic Firth mwiniwakeyo, amene ankaimba timpani (ng'oma zikuluzikulu za orchestra) mu Boston Symphony Orchestra ndipo anayambitsa kampani yake mu 1963, anatchuka ndi kugulitsa timitengo tiwiritiwiri toyezedwa kuti tifanane kulemera ndi kaliridwe. Lero makampani aakulu onse amachita zimenezi, komabe kamtengo kamatha kupindika kali m'njira kapena pashelefu. Ngati wogulitsa akulolani, yesani nokha.

Kagudubuzeni pamalo osalala, monga pagalasi la kauntala, maso anu ali pa kamutu. Kowongoka kamagudubuzika mwakachetechete, kamutu kali pamzere umodzi. Kopindika kamagwedeza kamutu m'mwamba ndi m'munsi ndipo kamachita tiphokoso pagalasipo. Kabwezeni.

Kenako kapaneni mopepuka pogwirira paja, mukayandikitse kukhutu, mukagogode ndi chikhadabo kapena mukagunditse pang'ono pamalo olimba. Kamtengo kalikonse kali ndi liwu lake. Gogodani kanzake mofananamo. Ngati kena kakulira pamwamba, kena pansi, mudzazimva pa snare: dzanja lamanja ndi lamanzere zidzalankhula mosiyana ngakhale mutamenya mofanana, ndipo mudzadziimba mlandu wosalakwa. Kawirikawiri kolira pamwamba ndiko kolimba. Kolira mogontha, kosamveka liwu lenileni, kakhoza kukhala ndi mng'alu mkati.

Chomaliza, yang'anani mizere ya mtengo. Iyenera kuyenda mowongoka kuchokera kutsinde mpaka kukamutu. Mizere ikamadutsa chopingasa n'kutulukira m'mbali, makamaka pafupi ndi khosi, pamenepo ndi pamene kadzang'ambikire, mwina tsiku loyamba lomwelo. Timitengo topakidwa utoto wokongola timabisa zimenezi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti tonse topakidwa utoto n'toipa, koma pa totero mwatsala ndi khutu lokha ndi kugudubuza, ndiye muchite ziwirizo mosamala.

Mukagula mapeya angapo nthawi imodzi, musasakanize. Lembani kachizindikiro kutsinde kwa peya iliyonse, kuti kamodzi kakathyoka mudziwe kamene katsala kamasiye n'kukafunira kanzake kolira mofanana.

9. Werengani mabala a kamtengo kakale

Kamtengo kamene mwaimbira kwa kanthawi kamakuuzani zambiri za kaimbidwe kanu kuposa mnzanu wokuonererani. Musakataye musanakayang'ane.

Ngati kadyeka pakati pa thunthu mozungulira, amenewo ndi ma rimshot, ndipo kwa woimba nyimbo zokweza n'zachibadwa. Mukafuna kuti kakhalitse, hickory yonenepa kapena oak ingathandize. Ngati kadyeka paphewa ndi pakhosi ngati kasemedwa ndi mpeni, m'mphepete mwa hi-hat kapena crash ndi mmene mukukadya. Apa kusintha kamtengo sikuthetsa vuto. Hi-hat yakwera kwambiri, kapena crash yagona chophwatalala pamwamba moti mukuimenya cham'mphepete penipeni. Itsitseni, muipendeketse pang'ono chakwa inu, ndipo muziimenya mopsepsa, kamtengo kakudutsa chammbali osati kulowa m'chitsulomo. Mukatero mwapulumutsa kamtengo ndi cymbal yomwe, chifukwa kumenya kumene kumadya mtengo ndi komwenso kumang'amba chitsulo. Ngati kang'ambika chopendekera motsata mizere kakadali katsopano, vuto linali la mtengowo. Ngati timitu tikuphwanyika msanga thunthu lili bwino, yesani nayiloni kapena kamutu kokulirapo.

Popeza dzanja la pa hi-hat limadya phewa ndipo la pa snare limadya pakati, muzisinthanitsa timitengo pakati pa manja awiri kuti tithe mofanana.

Thupi nalo lili ndi mabala ake. Zikang'a zochepa si vuto, koma dzanzi m'zala kapena ululu wa pamfundo ya dzanja umene sukutha mukapuma ndi chizindikiro choti muleke kaye, muonenso kagwiridwe kanu, ndipo ukapitirira mukaonane ndi dokotala.

10. Timitengo ta mayina a akatswiri, ndi zina zoti zikhale m'chikwama

Makampani amagulitsa timitengo tolembedwa mayina a oimba otchuka. Si toipa ayi. Tina ndi tabwino kwambiri, chifukwa timaphatikiza miyeso imene simungaipeze pa 5A kapena 5B wamba. Koma kamtengo kameneko kanapangidwira dzanja la munthu wina, ng'oma zake, ndi masiteji aakulu amene ng'oma iliyonse ili ndi maikolofoni yake. Werengani miyeso yake, muiyerekeze ndi zimene mwapeza pa masitepe apitawa. Ikagwirizana ndi dzanja lanu, gulani. Dzina lokha lisakukokeni.

Simukakamizidwanso kukhala ndi mtundu umodzi. Oimba ambiri amasunga iwiri, wina wa malo aang'ono, wina wa pabwalo. Ndingokupemphani kuti mitundu iwiriyo isasiyane kwambiri kunenepa, kuti dzanja lisamayambirenso kuzolowera nthawi iliyonse. 5A ya maple ndi 5A ya hickory, mwachitsanzo, zimagwirika chimodzimodzi koma zimasiyana mphamvu. Pamalo pamene ngakhale kamtengo kopepuka kakusokosa, pali ma rod, timitengo tating'onoting'ono tomangidwa mtolo, monga Hot Rods za Promark, komanso maburashi a waya. Ma mallet, timitengo ta mitu yofewa, amakuthandizani kudzutsa cymbal pang'onopang'ono popanda kugunda komveka.

Sungani timitengo m'chikwama chake, kutali ndi chinyezi, dzuwa ndi m'galimoto yotentha, popeza mtengo umamwa ndi kutaya madzi ndipo ukatero umapindika. Poimba, pachikani chikwamacho pa floor tom, timitengo tapadera tili tsinde m'mwamba kumbali imene dzanja lingatole osayang'ana. Musanayambe kuimba pagulu, gogodani kamtengo kalikonse kamene mukufuna kugwiritsa ntchito. Kakalira mogontha, kapena kakanjenjemera modabwitsa m'dzanja pomenya snare, kang'aluka mkati ngakhale kunja kukuoneka bwino. Kachotseni m'chikwamamo, kasadzathyokere pakati pa nyimbo n'kuboola chikopa ndi nsonga yake.